Mapointi a Wagdi, Golide wa Sawsan

Kuwait, 14 Epulo 2007

Achemwali Nagwa,

Mtendere ukhale nanu nonse kunyumbako. Amayi ali bwanji ndi mawondo aja? Akumwa mankhwala, kapena akuwabisabe pansi pa pilo? Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwafulumira chaka chino.

Nkhani ya kutomeredwa kwa Sawsan yandikondweretsa mpaka ndinagulira ofesi yonse maswiti. Medhat ndi mnyamata wabwino, tinkasewera limodzi mpira kuseri kwa fakitale ya thonje. Bambo ake, a Hagg Sobhi, ndi munthu woti akatsokomola pamsika wa nsalu anthu amasiya kuyeza. Bambo athu akanakhala ndi moyo akanayenda chifuwa chili patsogolo. Mundipsompsonere mlongo wangayo pamphumi.

Tsopano tamverani nzeru zimene ndatulukira kuno, ndipo musaseke musanamalize kuwerenga. A ku banki anandipatsa khadi logulira zinthu pa ngongole. Ndikagula chinthu ndi khadilo amandilembera mapointi, ndipo mapointiwo akachuluka amasanduka tikiti ya ndege. Chachikulu ndi kubweza ngongole yonse mwezi usanathe kuti asakuikire chiwongoladzanja. Anzanga ambiri sazidziwa zimenezi. Wina muofesi muno anatenga mapointi a chaka chathunthu n'kuwasinthanitsa ndi ketulo yamagetsi. Ketulo, achemwali! Ndinatsala pang'ono kulira. Mapointi amapindula pa ndege basi, makamaka pa mipando ya kutsogolo imene imagona ngati bedi, imene munthu ngati ine sangaigule ngakhale atasala kudya chaka chonse. Ine masiku ano sindigwiranso ndalama m'manja. Tikadya ndi anzanga ndimalipira ndine ndi khadi, iwo n'kundibwezera. Lendi, petulo, ngakhale dzino la mnzanga wa ku Sudan ndinalipira ndine.

Cholinga changa ndi chimodzi. Ndikufuna kupita ndi Amayi ku Makka kukachita mapemphero a umra, atakhala kutsogolo, miyendo atatambasula. Ichi musawauze. Ndipo mwayi wabwera wokha: miyezi iwiri ino masitolo a golide akupereka mapointi katatu. Ndayankhula ndi Medhat pa foni za shabka ya Sawsan, golide uja mnyamata amagulira mkwatibwi wake. Iye anditumizira ndalama zake, ine ndilipira ndi khadi.

Ndiye golide wa Sawsan ndigula ndine kuno. Ngotchipa, ndipo osula ake ndi aluso kuposa kwathuko. Sawsan avala zolemera, palibe woluza.

Mundilembere nkhani zonse, komanso ngati wina akubwera munditumizire tchizi chakale chija.

Mlongo wanu,
Wagdi


Damanhur, 2 Meyi 2007

Wagdi mchimwene wanga,

Tonse tili bwino ndipo tikukupatsa moni. Amayi mankhwala akumwa pamene ndikuwayang'ana, ndikatembenuka Mulungu ndi amene akudziwa.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachitatu ndinaitembenuza kuti mwina kumbuyo walemba kuti ukuseleula. Iwe, mwana wa bambo amene ankabweza singano yobwereka dzuwa lisanalowe, lero ukulipirira anthu mano kuti a ku banki akukondere? Kutenthako kwakuphika ubongo. Koma za Makka zandigwira mtima, sindinama. Ndinalowa kubafa kukapukuta maso.

Pali kamodzi kamene kachitika. Ukudziwa kuti kalata zako ndimawerengera Amayi mokweza. Nditafika pa za umra ndinalumpha ndime yonse monga unandipempha, osazindikira kuti za ndalama za Medhat unaziika momwemo. Iwo angomva zakuti “golide wa Sawsan ndigula ndine.” Ndinayesa kuwalongosolera pambuyo pake za khadi ndi mapointi. Anandiyankha kuti, “Usandiwawitse mutu ndi zachizungu. Mwana wanga wakumbuka mlongo wake, basi.” Ndidzayesanso akakhala kuti agona bwino.

Koma ndikufunse, a Hagg Sobhi akudziwa? Dzulo akazi awo anabwera kudzamwa tiyi ndipo ankakamba za tsiku lopita kwa a Girgis osula golide, mabanja onse awiri, monga timachitira. Ati anagula kale nsalu yovala tsikulo. Ine ndinangoyang'ana m'kapu. Iwe wakhalitsa kunja, koma sungaiwale mmene zimakhalira: sitolo yodzaza, mtsikana akusankha, azimayi akululutira mpaka pamsewu, mnyamata akutulutsa ndalama m'thumba mwake aliyense akuona, kenako n'kumuveka ndi manja ake. Sawsan wakhala akuyeserera nkhope ya tsiku limenelo pagalasi chiyambire sukulu ya pulaimale.

Ndinamufunsa Medhat pamakwerero. Anakanda khosi n'kunena kuti, “Achemwali, bambo ndiwauza ndikawapeza ali pabwino.” A Hagg Sobhi kukhala pabwino! Munthu uja anamwetulira komaliza pa ukwati wake.

Usagule kanthu asanauzidwe. Tchizi ndapatsira mwana wa azakhali, akunyamuka Lamlungu.

Mchemwali wako,
Nagwa


Kuwait, 20 Meyi 2007

Achemwali,

Moni nonse. Tchizi chafika, anzanga a m'chipinda athawira pakhonde.

Kalata yanu yandipeza nditagula kale, chifukwa nthawi ya mapointi katatu imatha. Musade nkhawa. Zibangili zinayi, unyolo wa m'khosi ndi mphete, zonse zokongola moti wogulitsayo ankakana kuzitulutsa m'manja. A Hagg ndi munthu wamalonda, akangoona kulemera kwake ayamikira okha. Zomapita kusitolo gulu lonse ndi zachikale, kungotopetsa Amayi ndi mawondo awo.

A Gaber, oyendetsa lole aja a msewu wa kuseri, akubwera kutchuthi sabata ya mawa. Ndawapatsa phukusi limodzi, muli golideyo, tiyi wa Amayi ndi mafuta opaka m'mawondo. Ndati asiye kwathuko chifukwa ndi nyumba imene akuidziwa. Inu mudzangompatsira Medhat.

Mapointi alowa dzulo. Ndinayang'ana pakompyuta mpaka abwana anandifunsa ngati ndikudwala. Mipando iwiri ya ku Makka yatsala pang'ono kukwana.

Wagdi


Damanhur, 9 Juni 2007

Wagdi,

Moni. Tili moyo, ndizo zokha zimene ndinganene. Pa foni sindinathe kuyankhula chifukwa Amayi anali atakhala pambali panga, ndiye werenga bwino apa.

A Gaber anafika Lachiwiri masana ine ndili kusukulu kuyang'anira mayeso. Ukuwadziwa a Gaber, pakamwa pawo ndi pa lole. Sanakwere makwerero ayi. Anaima pakati pa msewu, nthawi imene aliyense amakhala pakhonde kuanula zovala, n'kukuwa kuti, “Amake Wagdi! Tatsikani! Golide wa mkwatibwi wafika, mwana wanu watumiza kuchokera ku Kuwait!”

Amayi anamasula phukusilo, n'kuyamba nthungululu pawindo. Mmene ndimafika, pabalaza panali podzaza ndi azimayi a msewu wonse, nsapato mpaka pamakwerero. Sawsan anali atakhazikidwa pakati, zibangili zili m'manja, unyolo uli m'khosi. Anamuveka ndi Amayi. Mwanayo ankandiyang'ana ngati wagwidwa akuba. Ndinakankhana ndi anthu kuti ndilowe.

Ndinayesa kufuula kuti ndalama ndi za Medhat. Amayi anati, “Iwe nawe, nsanje! Muleke mchimwene wako atamandidwe.” Ndiye amake Hossam a m'mwamba aja anaika dzanja pachibwano n'kunena kuti, “Zafika pamenepa masiku ano? Mlongo ndi amene akugulira mkwatibwi shabka? Nanga mwamunayo abweretsa chiyani, ndevu?” Anthu anaseka. Kenako anawonjezera motsitsa mawu, koma kutsitsa kwake koti ogontha amve: “Ine ndimadziwa kuti wamalonda akakuikira mphatso pamwamba pa nsalu, uitambasule bwino, ili ndi pong'ambika.”

Wamva? Akunena mlongo wako. Mwana amene sanakwezepo maso pamsewu, lero akuti tikulipira mwamuna kuti atichotsere. Nkhani ili m'kamwam'kamwa, kuyambira kophikira buledi mpaka kokwerera sitima.

A Hagg Sobhi anaimva kumalo omwera khofi, pamaso pa anzawo. Wina anawafunsa kuti, “Hagg, malonda avuta kodi? Bwanji simunanene tikusonkhereni?” Iwo sankadziwa kalikonse. Akuti anasiya khofi wosamwa. Kunyumba Medhat anaulula zonse, ndipo mawu a bambo ake anamveka mpaka kumzikiti. Chiyambire tsikulo Medhat sanapondeko kuno. Akazi a Hagg ndinakumana nawo kumsika, anayamba kuyang'anitsitsa tomato.

Amayi tsopano amvetsa. Akhala pamkeka wopempherera, sakudya. Sawsan anabweza golideyo m'bokosi n'kuliika pamwamba pa kabati, ndipo saliyang'ana.

Safunsa anadya phula, mchimwene wanga, koma phula limeneli tikudya ndi ife. Bwera. Mwamuna wa m'nyumba muno ndiwe, ndipo nkhani yotere sithetsedwa ndi akazi. Ukakhale pansi ndi a Hagg, uwapsompsone pamutu, uyankhule pamaso pa amuna. Ine ndinakhala muno kusamala Bambo mpaka nthawi inandidutsa, ndipo sindidandaula. Koma sindilola kuti Sawsan akalambe nane pakhonde lino chifukwa cha khadi.

Kwera ndege iliyonse.

Nagwa


Kuwait, 21 Juni 2007

Kwa bambo anga olemekezeka a Hagg Sobhi,

Mtendere ndi chifundo cha Mulungu zikhale pa inu ndi a m'nyumba mwanu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ndiponso malonda akuyenda.

Ndamva ndi chisoni za kusamvana kumene kwachitika. Ndikanakonda kubwera ndekha, koma ino ndi nyengo imene aliyense akupita kwawo ndipo mipando ikuvuta. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kuti mtima wanu ukhale m'malo.

Ndikulumbira kuti ndalama zonse za golide ndi za Medhat. Ine sindinaikepo ngakhale kobiri. Ndinangodutsitsa ndalamazo pa khadi langa la ku banki. Inu ndinu wamalonda, mumvetsa msanga. Munthu akalipira ndi khadi, a ku banki amamupatsa mapointi amene amasinthidwa ndi tikiti ya ndege. Ndalama zikaperekedwa pamanja, phindu limenelo limangotayika. Ndiye Medhat wapeza golide wambiri pa mtengo womwewo, ine ndapeza mapointi, ndipo palibe amene wachotseredwa kanthu. Ndingakulangizeni kuti nanunso muziitanitsa nsalu zanu mwa njira imeneyi. Pa katundu amene mumagula pa chaka, bwenzi mukuyenda mwaulere.

Posonyeza ulemu wanga, ndikufuna kukupatsani tikiti ya ku Makka kuchokera pa mapointi omwewa, pa mpando wa kutsogolo. Ndinasungira Amayi ndi ine, koma wangawo ndikupereka kwa inu ndi mtima wonse. Mungonditumizira dzina lanu monga linalembedwera m'pasipoti.

Ndikupsompsona dzanja lanu.

Mwana wanu,
Wagdi


Damanhur, 1 Julayi 2007

Kwa Wagdi, mwana wa malemu mnzanga,

Nawenso mtendere ukhale nawe. Za thanzi langa usavutike.

Kalata yako anandiwerengera mlembi wa m'sitolo, chifukwa magalasi ndinaiwala kunyumba. Ndikanadziwa za m'katimo ndikanapita kukawatenga. Atamaliza, anthu atatu amene ankagula nsalu anali kukamwa yasa, ndipo ine ndinasowa poika nkhope.

Ndinkaganiza kuti unalakwitsa chifukwa chokonda mlongo wako. Zimenezo ndikanazimvetsa. Lero ukundiuza wekha kuti thukuta la mwana wanga ndi dzina la mlongo wako unazidutsitsa pamakina kuti upeze mpando. Ndipo pamene tauni yonse ikuti mwagula Medhat, iwe ukunditumizira tikiti kuti anene kuti mwagulanso bambo ake. Ku Makka ndinapita ndi ndalama za mikono yanga iwe uli ndi mamina. Pasipoti yanga isiye.

Ndinkafuna kuthetsa za ukwatizi. Koma mchemwali wako Nagwa anabwera kwa akazi anga, ndipo ndi mkazi wanzeru kuposa amuna ena amene ndikuwadziwa. Bambo ako anandithandizapo kale pamene sitolo inapsa. Chifukwa cha iwo ndavomera izi.

Golideyo apite mwakachetechete kwa a Girgis, aikidwe pagalasi ngati wa m'sitolo. Lachinayi pa 12 Julayi, ikatha swala yachiwiri ya masana, mabanja onse awiri tidzapita kumeneko. Ndaitana akuluakulu a pamsika. Mtsikana adzasankha, Medhat adzalipira ndi manja ake, adzamuveka. Koma zisanachitike zimenezi, iwe udzaima pakhomo la sitoloyo n'kunena pamaso pa amuna kuti unalakwa, ndi kuti mlongo wako alibe chilema chilichonse. Amene anatsegula pakamwa pa anthu ndiwe, ukatsekenso ndiwe.

Usanditumizire amalume ako, kalata, kapena foni. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikufuna miyendo yako.

Ndikaitana anthu sindiwaitana kawiri.

Sobhi


Fakisi yochokera ku Kuwait, 10 Julayi 2007
Kwa Nagwa, kudzera kusitolo yogulitsa mabuku

Achemwali,

Moni nonse. Pepani kuti ndinadula foni, munkakuwa kwambiri ndipo ndinali ndi kasitomala. Ndalemba kuti mumvetse modekha.

Nkhani yabwino ndi yakuti ndikubwera. Tchuthi andipatsa, ndipo mpando wapezeka wa Loweruka pa 14, kutsogolo, pa mapointi ochepa kwambiri. Munthu wina anasiya ulendo, ine ndinali pamzere wodikira. Mwayi wotere nyengo ino suchitika.

Ndikudziwa kuti a Hagg anati Lachinayi. Ndinayang'ana, musaganize kuti ndinangokhala. Lachitatu mpando ulipo, koma ndi wa kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chimbudzi, ndipo akufuna mapointi owirikiza kawiri. Kumeneko ndi kuba kwa masana, achemwali. Ndikatenga umenewo, ulendo wa Amayi wa ku Makka watha, zonse zimene ndasonkhanitsa zaka ziwiri zapita pa maola atatu. Kugula ndi ndalama ndiye musanene, ndi malipiro a mwezi wathunthu, ndipo munthu wokhala ndi mapointi salipira tikiti ndi ndalama.

Lachinayi ndi Loweruka zikusiyana chiyani? Kwathu kuja ndi liti chinthu chinayamba pa tsiku lake? Ukwati wa mwana wa azakhali unasunthidwa katatu, anthu ali ndi ana tsopano. A Hagg ayankhula mwaukali chifukwa cha mkwiyo, koma ndi munthu wamkulu, masiku awiri sangawaone kanthu. Muwauze asunthire Lamlungu. Ndikubweretserani nonse mafuta onunkhira, a Hagg ndawagulira mikanda yopempherera ya mtengo wapatali.

Mutumize galimoto kubwalo la ndege la ku Cairo, ndifika m'mawa.

Wagdi


Damanhur, 13 Julayi 2007

Wagdi,

Kalatayi ndapatsira woyendetsa galimoto amene wabwera kudzakutenga. Uwerenge usanafike, kuti usalowe m'nyumba muno ukumwetulira.

Fakisi yako mwini sitolo anaiwerenga asanandipatse, ndi mkazi wake, ndi mlamu wake. Mmene imandipeza ine, msewu wonse unali ukudziwa kuti mpando wa Lachitatu unalipo. Ine ndinaiwerenga nditaimirira, ndipo mpaka lero mutu wanga ukukana. Unalipo, Wagdi. Unauona ndi maso ako, n'kuusiya chifukwa uli pafupi ndi chimbudzi.

Ndinapita kwa a Hagg ndekha, ine mkazi, m'sitolo modzaza amuna. Ndinawapempha Lamlungu. Sanakweze mawu. Anati, “Mwana wanga, ndaitana kale anthu. Ine ndidzakhalapo. Mwina mchimwene wako achita manyazi n'kukwera ya Lachitatu.” Ndinakuimbira kangapo usiku ndi usana, foni yako inali yotseka. Ndinadziuza kuti watseka chifukwa uli mundege. Ndinakhulupirira zimenezo, chitsiru ine, mpaka ndinakuyalira bedi.

Lachinayi tinapita. Sawsan anavala diresi lobiriwira lija anasoka yekha. Amayi anayenda ndi ndodo kuchokera pangodya, anakana kugwiridwa. M'sitolo mwa a Girgis munali amuna a pamsika atavala zoyera, akazi a Hagg ndi nsalu yawo yatsopano, Medhat ataima pakona ngati mwana wolangidwa. Golide anali pagalasi. A Girgis anabweretsa zakumwa zozizira, kenako tiyi, kenako zakumwa zina. Galimoto iliyonse ikaima panja, mitu yonse inkatembenuka. Amayi ankangoti, “Misewu ya ku Cairo, inu mukuidziwa.” Kunja azimayi a msewu wathu anali atadzaza pawindo, amake Hossam patsogolo.

Kuitana kwa swala ya dzuwa litalowa kutamveka, a Hagg anaimirira n'kukonza chovala chawo. Anapita kwa Sawsan n'kumuuza kuti, “Mwana wanga, ine ndikudziwa kuti ulibe chilema. Koma nyumba imene mwamuna wake amayeza dzina la mlongo wake ndi mpando wa ndege, ine sindingaphatikize nayo magazi. Mulungu akupatse woposa mwana wanga.” Medhat anatsegula pakamwa, bambo ake anamuyang'ana, iye n'kutseka. Anatuluka onse. Golide anatsala pagalasi pomwepo, poti ndi wawo.

Sawsan sanalire. Anathokoza a Girgis chifukwa cha tiyi. Zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

Usikuwo ndinawauza Amayi za umra, ndimayesa mwina ziwafewetsa mtima pa iwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ndipite kunyumba ya Mulungu nditakwera pamsana pa mwana wanga wamkazi? Ndikakafika ndikanene chiyani?” Ndiye usaitchule nkhani imeneyo.

Sawsan wapita kwa azakhali ku Alexandria m'mawa uno ndi sitima yoyamba. Wati abwera ukabwerera. Umuuze woyendetsayo akutsitsire kuseri, cha kophikira buledi. Mafuta onunkhirawo uwasiye m'chikwama.

Nagwa


Damanhur, 25 Seputembala 2007

Achimwene,

Mtendere ukhale nanu. Amayi ali bwino, akusala kudya nafe mwezi wopatulika uno ngakhale adokotala anawaletsa. Achemwali akupereka moni, ati alemba mtima ukatsika.

Makalata anu onse atatu ndinalandira. Ndalama zimene munatumiza ndapatsa Amayi. Munafunsa ngati ndingakonde kupita kwina kukapitidwa mphepo, kuti mapointi alipo okwanira kulikonse. Ayi, zikomo. Munthu wothawa amaoneka ngati ali ndi chobisa, ndipo ine ndilibe. Ndikupita kuntchito yosoka tsiku lililonse, ndikudutsa pakati pa msewu, ndikupereka moni kwa amake Hossam.

Munafunsanso ngati pali chiyembekezo, ndipo mwati munapita kawiri kusitolo ya a Hagg muli kuno koma sanakulandireni, ndiye mukufuna kudzayesanso pa Idi. Ndi chifukwa chake ndalemba, kuti musavutike kufunafuna mpando.

Lachinayi lapitali ndinapita kukagula ulusi kumsika. Ndikudutsa cha kwa a Girgis ndinamva nthungululu. Ndikanayenera kupitirira, ndikudziwa. Ndinaima pawindo pamodzi ndi azimayi ena, malo omwe aja ankaima anthu potiyang'ana ife.

Munali banja la a Hagg ndi banja la alongo awo. Mtsikanayo ndi msuweni wa Medhat, tinkaphunzira limodzi, si munthu woipa. A Girgis anatulutsa zinthu zambiri, iye anayang'ana uku ndi uku monga amachitira aliyense, kenako analoza zimene anauzidwa kuti aloze. Zibangili zinayi, unyolo ndi mphete. Munasankha bwino, achimwene, anthu onse anatamanda. Mayi wina pafupi nane anati sanaonepo ntchito yotere ku Damanhur kuno.

Manja ake ndi aakulu kuposa anga. Zibangili zinakana kulowa, mpaka a Girgis anatumiza sopo. Anthu anaseka, iyenso anaseka. Ine ndinaima pomwepo ndi ulusi wanga, ndikumva kupweteka m'dzanja langa ngati akukankha ine.

Sindinakulembereni kuti mulire. Ndimakukondani, ndinu mlongo wanga mmodzi yekha, ndipo ndikudziwa kuti simunafune zoipa. Chimene chikundikanika ndi chakuti mpaka lero, m'makalata onse atatu, mukundifotokozerabe kuti mpando wa Lachitatu unali wodula mopanda chilungamo. Ndakhulupirira, achimwene. Musandifotokozerenso.

Atatha kumuveka, Medhat anatulutsa ndalama m'thumba mwake kuti alipire aliyense akuona, monga bambo ake ankafunira. Akuwerenga anakweza maso, n'kundiona pagalasi. Tinayang'anana. Kenako ananyowetsa chala n'kupitiriza kuwerenga.

Mlongo wanu,
Sawsan